Zimene Sindinalembe pa Siivi

Magetsi azima ku Chikanda ndili pa mzere wachisanu,
pamene fomu ikuti: tchulani luso lanu.
Ndalemba kuti ndine wochezeka, wodziwa kukhala ndi anthu,
ine amene ndatha masiku atatu osatsegula katani,
Sumani akugogoda, ine ndili phee ngati ndinapita kumudzi.

Ndalembanso kuti ndimasunga nthawi.
Pamenepo sindinaname.
Ndimaidziwa fili koloko ya usiku mmene imamvekera:
galu wa alandilodi, mpopi wodontha kuseri,
ndi mtima wanga ukuthamanga popanda woupirikitsa.

Lamlungu mayi anaimba kuchokera ku Thondwe:
"Mbuzi ija tagulitsa, za lendi usadandaule.
Kuno ayamba kale kukutchula bwana."
Ndinaseka kuti amve kuseka.
Mayunitsi atawathera ndinakhala pa matiresi
n'kuwerenga zotsala m'khola.
Ziwiri.
Yachitatu ndine, yomangidwa pa chikhomo cha digiri,
msipu wonse wondizungulira ndadya kale.

Kwathu munthu akayamba kuyankhula yekha
amati ameneyu ngwa ku Zomba.
Nanga ine, amene ndili kale ku Zomba chaka chachinayi?
Ndikamadutsa pa kabaza pafupi ndi chipatala chija
ndimayang'ana kumbali,
kuopa kuti geti lingandiitane dzina.

Lachinayi Sumani anakankha chitseko ndi phewa,
m'manja muli jumbo ya tchipisi cha pa chiwaya.
Sanafunse kanthu. Anathira mchere, tinadya.
Kenako anati, "Aise, vala nsapato."

Ku Chirunga kuli chitseko chomwe ndinkachilambalala.
Mkati muli mipando iwiri ndi Mayi Likongwe,
magalasi awo olumikiza ndi kawaya.
Anandifunsa, "Unagona tulo tabwino liti?"
Zaka zinayi ndakhala ndikuyankha mafunso,
ili linali loyamba lopanda malikisi.
Ndinatsegula pakamwa, panatuluka madzi m'maso.
Iwo sanayang'ane wotchi.

Sindinachire tsiku lomwelo, ndisakunamizeni.
Nkhungu ya pa phiri lija sichoka chifukwa waikalipira.
Imatsika, imaphimba mapaini, imakwera yokha,
ndipo masiku ena imagona pomwepo mpaka madzulo.
Koma ndinabwererako Lachinayi linalo,
ndi linzake,
ndipo ndinayamba kuchapa malaya.

Dzulo tinayeserera intavyu m'chipinda mwathu.
Sumani anamanga tayi yobwereka pa jezi ya mpira,
tebulo lake chidebe chovundikira,
nkhope ngati ya bwana amene sanadye m'mawa.
"Bambo Mwatitha, tiuzeni vuto lalikulu
lomwe munakumana nalo n'kulithetsa."
Yankho loloweza linalipo, la gulu lathu la risechi,
koma lilime linakana.
Ndinati: "Sindinalithetse, bwana.
Ndinangophunzira kunena kuti ndalema, ndigwireni dzanja,
katundu asanandithyole khosi."
Sumani anavula tayi, nayang'ana kudenga nthawi yaitali.
"Zimenezo usakanene choncho ku Blantyre," anatero,
"koma usaziiwale."

Lero ndasindikiza siivi pafupi ndi msika,
masamba awiri, inki yotuwa chakumunsi.
Pali ekiselo, pali chilolezo cha kafukufuku,
pali mayina atatu a anthu ondichitira umboni.
Palibe dzina la Sumani.
Palibe Lachinayi.
Palibe m'mawa uja ndinatsegula katani
n'kupeza kuti jakaranda wa kutsidya kwa msewu
anachita maluwa osandidikira.

Envelopu yakhaki ili m'khwapa.
Kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi,
ngakhale tonse tikuona mipando inayi.
Mwina akandiitana, mwina ayi;
anzathu a chaka chatha akugulitsabe mayunitsi ku Matawale.
Ndakhala pa windo.
Usiku wathawu ndinagona maola asanu ndi limodzi,
ndipo ndatumiza uthenga kwa mayi:
mbuzi ziwirizo zisiyeni kaye.